Ng'oma Imene Ndinaiwongola ku Joni

Maganizo opita ku Joni anandigwira pa msika wa Mitundu, tsiku limene ndinagulitsa njinga yanga kuti ndigule feteleza, kenaka n'kupeza kuti feteleza watha m'sitolo. Ndinaima pamenepo wopanda njinga, wopanda feteleza, ndalama zili m'thumba ngati zakuba. Anyamata a chipani anandipeza pomwepo n'kundifunsa khadi, ndipo poti ndinali nditaliiwala m'malaya ena, anandigulitsa lina. Ndikuyenda wapansi kubwerera kumudzi, fumbi likundilowa m'kamwa, ndinalumbira kuti fodya wa chaka chimenecho alime wina, ine Filimoni ndatopa.

Kunyumba kunalibe wondiletsa kwenikweni. Makolo anali atatisiya kale, mkazi ndinalibe. Amene ndinkawaopa ndi achemwali anga aNambewe, poti ndiwo anandilera. Mwendo wawo wamanzere unapuwala ali mwana, choncho ankatsimphina, koma pakamwa pawo panalibe chilema. Amuna awo, alamu anga a Sitefano, anali mkamwini wofatsa, wosachedwa kuseka, ndiponso woimba ng'oma za chimtali wodziwika kuyambira ku Malingunde mpaka ku Nathenje. Ukwati wopanda iwo anthu ankauyesa msonkhano. Ngakhale a chipani, kukakhala mlendo wamkulu, ankabwera ndi lole n'kuwanyamula osawafunsa. Alamu akakhala pa ng'oma, achemwali ankalowa m'bwalo n'kuvina mpaka anthu kuiwala kuti mayiyu ali ndi mwendo umodzi wofooka.

"Mukupita kukatani ku Joni?" anandifunsa achemwali. "Kumigodi anasiya kale kulemba anthu a kuno."

"Ndikaona komweko."

"Mukaona komweko. Nanga mbumba yanu aione ndani? Esinati akukula uyu, malume wake ndinu."

Esinati anali mwana wawo mmodzi yekhayo, wa sitandade faifi nthawi imeneyo. Alamu ndiwo anandipulumutsa.

"Alekeni apite, amayi a Esinati. Mukawakaniza azingotilimira mokwiya."

Sabata yanga yomaliza kunali ukwati m'mudzi woyandikana nafe. Ndinabwereka wailesi yojambula mawu kwa aphunzitsi ena a pa Mitundu, ndinagula kaseti imodzi ndi mabatire, n'kuiika pa mpando pafupi ndi ng'oma ya alamu. Inajambula mbali zonse ziwiri mpaka kudzaza. Alamu ankaiyang'ana chammbali n'kumaseka, ati chinthu chopanda makutu chingamve bwanji chimtali. Titamaliza ndinawabwezera pang'ono kuti adzimvere, ndipo anachita manyazi ngati mwana, n'kunena kuti ndizimitse anthu angawayese odzitama. Palibe wina anajambulapo alamu anga, kale ngakhale pambuyo pake.

Lero ndine nkhalamba yokonza mawailesi pakhonde la sitolo ina pa Mitundu. Anthu akandifunsa za ku Joni ndimawauza za nyumba zosanja ndi za kuzizira, chifukwa zimenezo n'zosavuta kunena. Za kaseti imeneyi sindikambakamba. Ndinaiwononga ndi manja anga, kenaka ndinanama, ndipo amene analipira zonsezo pamaso pa anthu ndi achemwali anga. Ndikamakumbukira mpaka lero nkhope imanditentha, ngakhale ndili ndekha.

Ndinachoka kwathu pa lole ya fodya ngati wothandiza dalaivala, kudzera ku Zambia chifukwa njira ya ku Tete inali ya nkhondo. Mapepala anga anali a mlendo wongocheza, ndipo atatha ndinangokhala chete. Chaka choyamba ndinkasamala pabwalo pa mzungu wina, kudula kapinga ndi kuthirira maluwa osadyedwa. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja, momwe ankasungamo utoto ndi chakudya cha agalu. Njala sindinaimvepo, ndisaname, koma kusungulumwa kunandidya. Sabata yathunthu inkatha osalankhula Chichewa ndi munthu. Lamlungu masana ndinkatseka chitseko, n'kuika kaseti ija m'kawailesi kogula kwa munthu, n'kugona chagada. Ndinkadziwa pamene tambala alire, pamene achemwali aimbe nthungululu, pamene bambo wina woledzera afuule kuti, "Sitefano, watipha lero!" Nthawi zina ndinkaseka, nthawi zina ndinkalira.

Ndalama ndinkatumiza kudzera kwa dalaivala uja akamabwerera, pena bulangete, pena nsapato za Esinati zimene kukula kwake ndinkangoyerekeza. Kalata zinali zazifupi. Aliyense ankadziwa kuti envulopu imatha kufika itamatidwa kawiri, choncho tinkalemberana za mvula, za chifuwa ndi za mbuzi. Esinati ndiye ankalembera amayi ake, ndipo kumapeto nthawi zonse kunkakhala mzere umodzi wa alamu: "Ababa akuti ng'oma yawo ikulirabe kumeneko?" Ndinkayankha kuti ikulira Lamlungu lililonse, ndipo nthawi imeneyo zinali zoona.

Mng'ono wake wa bwana wanga anali ndi situdiyo yojambulira nyimbo ndi zotsatsa malonda za pa wailesi. Wosesa wake atachoka ananditenga ine. Mzungu ameneyu anali wamfupi, wa tindevu tosongoka, ndipo antchito tonse tinkamutcha Kandevu. Pakati pa zida zake panali kabokosi kakuda, kukula ngati sutikesi ya mwana wa sukulu, kokhala ndi timabatani ta labala. Ukagunda batani kankalira ngati ng'oma, ndipo ukakauza kaimbidwe kankaimba kokha mpaka utakazimitsa. Ankati ndi makina a ng'oma. Kwa ine kankamveka ngati munthu akumenya chidebe chopanda madzi, ndipo tsiku lina ndikupereka tiyi pakamwa panandipulumuka, ndinanena zimenezo mokweza. Kandevu sanakwiye. Anandifunsa ngati kwathu kuli ng'oma zoposa zimenezo, ndipo m'mawa mwake ndinabwera ndi kaseti.

Anamvera mbali yonse osakhudza tiyi wake. Kenaka analumikiza nthambo n'kulowetsa kulira kwa ng'omayo mu kompyuta. Apa m'pamene ndinaona kuti liwu limaoneka ndi maso. Kugunda kumodzi kwa dzanja la alamu kunatuluka pagalasi ngati phiri, kukwera mwadzidzidzi n'kutsetsereka pang'onopang'ono, monga Dzalanyama amaonekera uli kumunda kwathu. Kandevu anandionetsa kudula phirilo kumutu ndi kumchira, kuchotsa tambala, kuchotsa nthungululu, kuti patsale chikopa ndi dzanja basi. Panali pokwezera liwu ndi polinenepetsera, ntchito imene alamu ankaichita powamba ng'oma pa moto wa udzu ndi pomata phula, ine n'kumaichita ndi chala chimodzi. Panalinso pofupikitsira kulira ndi pokutalikitsira. Tikamaliza tinkatumiza liwulo pa nthambo kupita m'kabokosi kaja, n'kulipatsa batani lakelake. Khutu langa linali labwino kuposa lake, ndipo iye anazindikira msanga. Miyezi ingapo itadutsa tsache linali m'manja mwa wina, ine ndili pampando.

Pulogalamu ya kompyutayo inalinso ndi tsamba lina la mizere yowongoka, ngati munda wolimidwa ndi chingwe cha alangizi. Kugunda kulikonse kunkakhala kadontho, ndipo kadontho kankayenera kukhala pamzere. Titakopera kaimbidwe ka alamu tinaona kuti timadontho titatu tikugwa pamzere bwinobwino, koma kachinayi kakugwa kumbuyo. Osati kamodzi ayi, nthawi zonse, pena pang'ono, pena kwambiri.

"Mlamu wako dzanja lake ndi laulesi," anatero Kandevu m'Chingerezi, akuloza pagalasi.

M'malo mowaikira kumbuyo, ine ndinaseka nawo. Pa kompyutapo panali lamulo limodzi lokokera timadontho tonse pamzere nthawi imodzi, ndipo amene analidina ndine, osati mzungu. Ng'oma inawongoka ngati asilikali pa perete. Mtima unandikoma kuti ine wa sitandade sikisi ndakonza cholakwa cha katswiri wa dera lonse. Sindinadzifunse n'komwe kuti munthu amene wakhala akuimba ng'oma chiyambire ubwana angamachedwe bwanji pamalo amodzimodzi tsiku lathunthu.

Liwu limenelo linayenda. Linalowa m'zotsatsa sopo, m'nyimbo za kwaya ina ya ku lokeshoni, ngakhale m'nyimbo za m'mabala. Malipiro anakwera. Ndinachoka kuseri kwa galaja, ndinagula jekete yachikopa ndi magalasi akuda, ndipo kumudzi ndinatumizako wailesi ya kaseti kuti asamabwerekenso kwa aphunzitsi. M'basi ndikamva sopo uja akutsatsidwa ndinkalakalaka kuimirira n'kuuza anthu kuti dzanja ilo ndi la kwathu, koma wolikonza ndine. Dzina la alamu silinalembedwe paliponse, ndipo sindinapemphe kuti lilembedwe.

Masiku ano achinyamata amabwera pakhonde panga n'kundionetsa foni zimene zimapanga ng'oma m'thumba. Amadabwa kuona nkhalamba ikudziwa podula ndi pokwezera. Akafika pa tsamba la mizere lija amandiuza monyadira kuti pali batani lowongolera zonse, ngati kuti andiphunzitsa chachilendo. Ndimangowauza kuti ndikulidziwa, n'kubwerera ku wailesi imene ndikukonza.

Lamlungu lina, ndikadali ku Joni, dalaivala uja anadzera kwanga mosayembekezeka, nati anyamuka dzuwa lisanapendeke, ngati ndili ndi uthenga ndichite changu. Nthawi imeneyo anzathu anali atayamba kutumiza mawu pa kaseti m'malo mwa kalata, kuti osadziwa kuwerenga azidzimvera okha. Masitolo anali otseka. M'nyumba munali kaseti imodzi yokha, ija ya ukwati. Ndinaiyang'ana n'kudziuza kuti ng'omayo ili kale m'makina, yoyera, yopanda nkhuku ndi zidakwa, ndipo iyi yatsala makoko chabe. Ndinaiika m'wailesi n'kudina batani lofiira. Ndinalankhula mbali zonse ziwiri, ine munthu amene m'kalata ndinkasowa chonena. Ndinakamba za jekete, za nyumba zosanja, za mzungu amene amandifunsa nzeru. Pakati penipeni ndinati: "Alamu, ng'oma yanu ija ndinaikonza. Inali ndi kachizolowezi kochedwa, koma tsopano ikuyenda bwino." Ndinafufuta zimene zinalembedwa pa kasetiyo, ndinalembapo dzina langa, ndipo dalaivala anaibisa pansi pa mpando.

Chaka chotsatira kunabwera kalata ya mizere itatu. "Amalume, ababa atisiya. Chifuwa chija. Tinawaika Lachiwiri." Inandipeza patatha masabata atatu chiikire maliro. Sindinapite, poopa kuti ndikatuluka ndi mapepala otha sadzandilolanso kulowa. Ndinatumiza ndalama ndi nsalu yakuda, n'kudziuza kuti mbali yanga ndachita. Lamlungu limenelo dzanja linapita lokha pamene pankakhala kaseti, n'kupeza fumbi. Lolemba ndinalawirira ku situdiyo anthu asanafike, ndinayatsa makina n'kumvera. Liwu linali lawo ndithu. Ndinapukuta misozi n'kudzitonthoza kuti alamu ndawasunga bwino kuposa mmene kaseti ikanawasungira.

Patapita chaka china Esinati analembanso. Anali atapeza banja, mnyamata wa ukalaliki pa positi ofesi ku Nathenje. "Amalume, mubwere, nkhoswe yaikulu ndinu. Amayi chichokere ababa sanavinepo, koma akuti pa ukwati wanga avina kamodzi, ku ng'oma ya ababa. Akuti mubweretse ng'oma ija munajambula." Ndinawerenga katatu. Kulemba zoona sindinathe. Ndinapempha Kandevu kuti andigulitse makina akale aja, poti anali atagula atsopano, ndipo ndalama zimene ndinkasungira malata zinathera pamenepo. Mtengo wa kompyuta unali wosayerekezeka n'komwe. Tsiku lomaliza ndinadzaza m'kabokosimo nyimbo zonse za chimtali zimene tinakonza, zonse zowongoka, n'kutsanzika.

Ndinameta tsitsi ndisanafike pachipata cha m'malire a dziko, poti lalitali silinkaloledwa kwathu. A pachipata anatembenuza kabokosi uku ndi uku, anandifunsa ngati n'kolankhulira ndi anthu akunja, n'kundisiya atatopa nako. Ndinatsika basi pa Mitundu nditavala jekete yachikopa mwezi wa Okutobala, thukuta lili chuchuchu, koma kuvula ayi. Achemwali ndinawapeza akuyanika chimera cha thobwa la ukwati. Anali ataonda, imvi zitayamba. Tinalira maliro amene ndinawathawa, ndipo titatonthola anandifunsa.

"Ng'oma ija mwabwera nayo?"

"Kaseti anandilanda pachipata, achemwali. Mukudziwa mmene akuchitira ndi makaseti masiku ano."

Bodzalo ndinali nditalikonza m'basi, ndipo linatuluka losalala.

"Oo, anakulandani."

"Koma musadandaule. Ng'oma ya alamu ili umu, yomveka bwino kuposa pa kaseti."

Anayang'ana kabokosiko osakakhudza. "Chabwino, achimwene. Odziwa ndinu."

Madyerero anachitikira ku Nathenje, mu holo ya sukulu imene inali ndi magetsi, poti bambo a mkwati anali mphunzitsi wamkulu kumeneko. Akuchimuna anali atapeza oimba ng'oma awo awiri, moto wa udzu atakoleza kale panja. Ine monga nkhoswe ndinawaletsa, ndinati apumule adye, lero kuli zina. Ndinalumikiza kabokosi ku chimkuzamawu chobwereka ku tchalitchi, ndinaimirira kutsogolo ndi jekete yanga, n'kulengeza kuti bambo a mkwatibwi, ngakhale anatisiya, aimba okha ng'oma pa ukwati wa mwana wawo kudzera m'makina a ku Joni. Ndinadina batani. Ng'oma inalira, kenaka mayi wina wa kwathu anafuula kuti, "Mayo, ndi Sitefano!" Ena anayamba kulira, ena kuomba m'manja. Kwa kanthawi kochepako ndinali munthu wamkulu kuposa aphunzitsi.

Amayi analowa m'bwalo, chimtali chinagwira. Kenaka achemwali anaimirira, anamanga nsalu m'chiuno, ndipo anzawo anawapatsa malo kutsogolo monga kale. Mapazi atatu anayenda bwino. Lachinayi, pamene amakoka mwendo wamanzere uja, ng'oma inali itadutsa kale. Anayesanso, akuuthamangitsa mwendowo, inawasiyanso. Ndili kuseri kwa tebulo ndinaona timadontho tija ngati kuti galasi lili patsogolo panga, titatu pamzere, kachinayi kumbuyo. Kadontho kochedwa kaja kanali mwendo wa achemwali anga. Alamu poimba sankayang'ana chikopa. Ankayang'ana mapazi a akazi awo n'kumadikira kuti phazi lifike pansi, pena pang'ono, pena kwambiri, malinga ndi mmene mwendo wadzukira tsiku limenelo. Anachita zimenezo zaka zonse za ukwati wawo, ndipo amayi a kwathu onse anazolowera kuvina modikira nawo.

Ndinapotoza kochepetsera liwiro. Zonse zinachedwa pamodzi, koma mzere unali womwewo, ndipo amayi ena anasokonezeka n'kuyamba kuyang'anana. Kubwezera kadonthoko m'malo mwake kunkafuna kompyuta, kompyuta ili ku Joni, ndipo ngakhale ikanakhalapo ndikanakopera kuti? Ndinafuna kubwezera liwiro pamene linali, koma ndinapyoletsa. Achemwali anapunthwa pa mwendo wawo womwe, n'kugwa chammbali pa simenti, pamaso pa akuchimuna onse. Wina kumbuyo anaseka n'kudzigwira pakamwa. Esinati anathamanga ndi diresi lake loyera kukawadzutsa. Makina sanaleke. Anapitiriza kulira mayi ali pansi, mpaka ndinazula nthambo kukhoma.

Oimba ng'oma aja anawaitana, moto anaukolezanso, ukwati unapitirira. Achemwali sanavinenso. Anakhala pa benchi chigongono chitamangidwa mpango, akumwetulira alendo ndi kuwauza kuti simenti ndi yoterera. Palibe amene anandinena. Ndikanakonda wina akanandilalatira, koma anthu ankangondipatsa thobwa n'kumati, "Mwayesetsa, amalume." Jekete ndinaivula panja, ndinakulungira kabokosi, ndipo sindinalowenso mu holo mpaka lole yotibweza ku Mitundu itafika.

Ku Joni sindinabwerere. Poyamba ndinkati n'chifukwa cha mapepala, koma chinandigwira ndi zimene ndinamva patapita masiku awiri. Ndinawapeza achemwali pakhonde masana akuswa mtedza ndi dzanja limodzi. Mpando unalipo, koma ndinakhala pansi.

"Achemwali, kaseti ija sanandilande."

"Ndikudziwa."

Anadzuka movutikira, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi wailesi imene ndinawatumizira ija ndi kaseti yokulungidwa m'kansalu. Pamwamba pake panali dzina langa, lolemba ine ndemwe.

"Iyi inafika alamu anu akadali moyo. Tinaitana anthu, tinakhala pompano, tinamvera mpaka kumapeto. Inu mutatsanzika tepi inali itatsala pang'ono. Panamveka ng'oma, ndi ine ndikuimba nthungululu. Tonse tinadziwa kuti mwalankhula pamwamba pake."

"Nanga munandilemberanji kuti ndibwere nayo?"

"Ndinkati munthu wa makina ngati inu sangafufute chinthu asanakopere pena. Mutanena kuti anakulandani, m'pamene ndinadziwa kuti palibe."

"Ndiye munaimiriranji kuvina?"

"Munali mutalengeza kale pamaso pa akuchimuna. Ndikanakhala pansi akanati chiyani za malume a mkwatibwi?"

Kenaka ndinafunsa chimene ndinkachiopa kuposa zonse, ngati alamu anamva pamene ndinanena kuti ng'oma yawo ndaikonza.

"Anamva."

"Anati chiyani?"

"Anaseka. Anati, 'Ndiye kuti ku Joni kulibe wotsimphina.' Basi, n'kunyamuka kukamanga mbuzi."

Zaka zonsezo ndinkayesa kuti kwathu ndasiya anthu osadziwa kanthu, oti ndiziwabisira zinthu ndi kuwakonzera zolakwa. Iwo ankadziwa zonse, mudzi wathunthu, ndipo anandilandira, anandikhazika pa mpando wa nkhoswe, n'kundisungira ulemu umene ine sindinawasungire. Manyazi amene ndinamva mu holo muja anali aang'ono poyerekeza ndi a pakhonde paja.

Achemwali anaika kaseti m'wailesi n'kudina. Panamveka kaphokoso ngati mphepo, kenaka ng'oma. Katatu, kudikira, kachinayi. Katatu, kudikira, kachinayi. Phazi lawo lamanzere linkagunda pansi limodzi nako, iwo ali chikhalire. Nthungululu inayamba, isanathe batani linadumpha, tepi yatha. Anaitulutsa n'kundipatsa pamodzi ndi bolopeni yakale yopanda inki.

"Mabatire ndi odula, timabweza ndi ichi. Muzungulize kakhumi basi, musapyole. Mukapyola mumva mawu anu, ndipo musakwiye achimwene, amenewo ndinawamva kamodzi, anandikwana."